Bala pa diso la Tisa

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, mitambo yakuda bii, koma mvula osagwa.

Mwana wanga Tisa wafika masana pa minibasi ya ku Lusaka atamanga duku mpaka m'maso. Akuwerama kutunga madzi, ndaona bala losokedwa pamwamba pa diso lamanzere.

Zaka zonse mwana wangayu wamenyera dziko nkhonya atavala chipewa chotchinga mutu, ndipo anazolowera kulandira zibakera ndi chipumi. Kunkhonya zolipidwa kumene walowaku chipewa kulibe, magolovesi ndi aang'ono, koma iye mutu akuuperekabe ngati kale.

"Atate, ni kang'ono chabe," watero akuseka. "Ba kochi bakamba ati kazapola."

Loweruka lomweli akumenyana ndi mayi wa ku Kongo amene wakalambira m'ntchitoyi. Oterowo akaona bala sayang'ananso kwina.

Akanakhala moyo amake, akanamugwira chibwano n'kumuuza kuti sapita kunkhonyako, iye n'kumvera. Ine ndangomufunsa ngati wadya, kenako ndamuperekeza kusiteshoni poti amabwerera ku Lusaka lero lomwe. Mawa ndimuimbira foni, koma mawu amene amake akanayambira sindikuwapeza...