Atate Ako Akukana Kupita Kuchipatala

Msoro, Lachitatu

Mwana wanga Tiyanjane,

Uli bwanji ku Kitwe? Ife tilipo, koma atate ako akundisowetsa mtendere.

Loweruka kumsika kunabwera mtsikana amene anapambana mpikisano wa chiphadzuwa ku Chipata, pamodzi ndi anesi awiri oyeza shuga. Atate ako anaseka, amvekere, "Shuga ndi matenda a mabwana onenepa."

Mtsikanayo anagwada, natulutsa jakisoni wa shuga m'chikwama chake. "Atate, ine ndanenepa pati? Ndimadzibaya tsiku lililonse."

Atate ako anangopereka chala. Shuga yawo inapezeka yokwera kwambiri, ndipo anesi anati apite kuchipatala sabata ino.

Iwo akuti ayambe akolola thonje, chonsecho akuonda ndipo ludzu silikutha. Chonde uwaimbire foni lero, iwe amakumvera. Uwauze kuti thonje ndikolola ndekha.

Mulungu akusunge.

Ndine amai ako