Chidebe cha Miyala Yoterera

14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, koma nsomba zanga zikufa, ndipo n'zimene zandigwiritsa cholembera patatha zaka ziwiri tisakulankhulana.

Mukukumbuka tsiku limene tinkagawana matanki a nsomba? Ndinanena kuti mgolo wanu wosefera madzi ndi dzala, miyala yake yoterera ngati sopo wonyowa. Inu munati kutererako ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya amoniya, poizoni wochokera m'zitosi za nsomba. Ine ndinakusekani pamaso pa anthu.

Sabata yatha ndinatsuka mgolo wanga ndi kolorini mpaka miyala kuti mbee. Mkazi wanga anaima pakhomo la shedi n'kuti, "Mwatsuka bwino ndithu, koma alamu akanalola zimenezi?" Alamu akewo ankanena inuyo. Ndinamuyankha kuti pano mwini wake ndine.

Pofika Lachinayi nsomba zinali zikuyasama pamwamba pa madzi. Nditadontheza mankhwala oyezera m'kabotolo, madzi anabiriwira kwambiri, kusonyeza kuti amoniya wachuluka chifukwa kolorini uja anapha tizilombo tonse. Zafa makumi atatu. Chakudya ndachepetsa, madzi ndikusintha kawiri pa tsiku, koma kuti tizilomboto tichulukanenso patokha pafunika masabata asanu ndi limodzi, ndipo nsomba zotsalazi sizingadikire.

Ndinalakwa, achimwene, ndipo manyazi andigwira. Mawu a akulu akomadi akagonera. Ndikupempha chidebe chimodzi cha miyala ya mumgolo mwanu, yakuda yomweyo, yosatsuka, kuti ikhale mbewu. Ibwere yonyowa ndi madzi a m'thanki, pa basi ya m'mawa, chivundikiro chosatsekeratu kuti tizilomboto tizipuma. Mwaona, phunziro lanu lalowa tsopano. Ikafika Loweruka lisanadutse, nsombazi ndizipulumutsa.

Sindikukayika kuti mutumiza, chifukwa ndimakudziwani. Mukalipa kaye, kalatayi muwawerengera alamu mokweza kawiri konse, kenako mupita kukafuna chidebe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Kuno kunabadwa mwana wamkazi, wayamba kale kuyenda, koma bambo ake aakulu sanawaonepo. Komanso makondakitala amasiku ano sindiwakhulupirira, angakhalire chidebecho n'kuchitsekeratu. Ndiye ndaganiza kuti mungochiperekeza nokha. Chipinda tasesa kale.

Ndine mng'ono wanu,
Wamakani uja