Madaliya a Ukwati wa Tsungi Ali Kudzala

Bambo a Tsungi,

Ndathamangira ku msonkhano wa amayi, wolalikira lero ndine, ndiye pepani, tiyi mudziphikire nokha. Koma mtima wanga ukuwira!

Dzulo polambula kadimba kakuseri munafukula maluwa anga onse a madaliya n'kukawataya kudzala. Munayesa zinyalala poti mapesi anauma ndi chisanu? Sanafe amenewo, anali m'tulo ngati mwana wa Yairo! Chaka chilichonse Sepitembala akangolowa amadzuka okha. Mbewu imeneyi anandisiyira malemu amayi ku Nyanga, ndipo Tsungi ndinamulonjeza kuti maluwa ake ndiwo adzakongoletse tchalitchi pa ukwati wake mu Disembala. Ndidzamuuza chiyani mwanayu?

Pitani kudzalako msanga, Mayi Gwatidzo asanatsekulire mbuzi zawo. Tolani zonse zooneka ngati mbatata, mukazikwirire pomwe munazichotsa, maso ake ayang'ane kumwamba. Madzi musachulutse, zingaole. Dothi munalifewetsa kale, manja akwanira.

Ndakukhululukirani, poti simunadziwe chimene mumachita. Koma khasu lanu ndapita nalo, ndikalisiya kwa abusa kufikira mutalapa.

Wanu mwa Ambuye, ngakhale lero zikuvuta,
Mayi a Tsungi