Ndinapita kukabweza foni, mlonda anandiyesa wopemphetsa

Aphungu,

Kalatayi ndalemba ndekha pa taipi yanga yakale. Ndinakhala sekeletale zaka makumi awiri, ndiye zala sizinaiwale malo a zilembo, koma mukapeza zolakwika mundikhululukire chifukwa sindingathe kuiwerenganso. Maso anga anafa zaka zitatu zapitazo ndi matenda a shuga. Ndine wamasiye, ndimakhala kwa mng'ono wanga ndi amuna ake, m'kachipinda koyandikana ndi khitchini.

Foni yanga ndi ya mabatani. Kuyankha ndimatha, koma uthenga ukalowa amandiwerengera ndi mng'ono wangayo. Mwana ndili naye mmodzi, wamwamuna, amagwira ntchito kutali. Anatengera bambo ake: chomupweteka sanena pakamwa, amalemba. Miyezi isanu yapitayo mpongozi wanga anabereka mwana wamkazi masiku asanakwane. Foni ikalira ndinkafunsa kuti, "Akuti bwanji?" Mng'ono wanga ankati, "Akuti ali bwino onse, akupereka moni." Patapita sabata mwana wanga anaimba, mawu atasasa. Anati, "Amayi, ndinakulemberani katatu kuti mutipempherere. Taika dzulo. Bwanji simunayankhe?"

Mng'ono wanga nditamufunsa analira. Akuti adokotala anamuuza kuti ndisamadzidzimutsidwe.

Ku bungwe lathu la anthu osaona kuli mayi wina woluka majuzi amene foni yake imamuwerengera chilichonse. Nditaimva ndinati nanenso ndikufuna yotero, ndipo mwana wanga anati ndikasankhe.

Tinapita ndi mng'ono wanga ku sitolo yaikulu ya zamagetsi, ija mawailesi amalira onse nthawi imodzi. Ndinanena ndekha chimene ndikufuna. Wogulitsa anayankha, koma ndinamva mawu ake akulowera kumbali, kwa mng'ono wanga: "Amayiwa amatha kugwiritsa ntchito foni?" Ndinati, "Bambo, makutu anga ndi abwinobwino." Nditatambasula dzanja pakauntala ndinakhudza foni yomangidwa ndi kachingwe, belu n'kuyamba kulira sitolo yonse. Wogulitsayo anakalipa kuti, "Musagwiregwire mayi, zimenezo n'zongoona!"

Zongoona, Aphungu.

Nditafunsa za foni yolankhula anati, "Mafoni onse amalankhula, bola wina akuimbireni." Mnzake anaseka. Kenako anatulutsa ya mabatani akuluakulu, akuti ndi imene amagula okalamba. Ndinapempha kuti aiyatse ndimve ikuwerenga uthenga, anati bokosi satsegula munthu asanalipire. Mng'ono wanga anandinong'oneza kuti, "Achemwali, tiyeni tingotenga, anthu akutiyang'ana." Tinatenga. Kunyumba tinapeza kuti imangotchula manambala ukadina batani. Uthenga siiwerenga.

M'mawa mwake ndinabwererako ndekha, osauza munthu. Ndinavala suti yanga ya ku ofesi, ndodo yoyera kumanja, bokosi m'chikwama. Ndisanaponde sitepe yachiwiri mlonda anandigwira mkono: "Mayi, muno sitilola opemphetsa. Kakhaleni uko pakona." Nditamuonetsa lisiti anandisiya ndilowe, osapepesa. Wogulitsa uja anati katundu wotsegulidwa sabwezedwa.

Nditafika kunyumba ndinapeza mng'ono wanga atandifunafuna mpaka kuchipatala. Ine m'malo momupepesa ndinamuuza kuti, "Shuga anandiphera maso, koma wandichititsa khungu ndiwe." Ano ndi masabata awiri tikungopatsana moni. Tiyi ndi mankhwala amandiikirabe pampando wa pafupi ndi bedi, n'kutuluka mwakachetechete. Uthenga ukalowa ndimangomva kulira kwa foni, sindipempha munthu. Mwina ndi mwana wanga.

Kodi ndingozisiya za foniyi? Nanga ndine wosayamika?

Ine wanu,
R.D.

Mayi R.D.,

Pepani kwambiri ndi imfa ya mdzukulu wanu. Yankholi ndikudziwa kuti wina akukuwerengerani. Inu owerenganu, ngati ndinu mng'ono wawo, werengani lonse, osadumpha mzere.

Simuli wosayamika, ndipo za foniyo musazisiye. Uthenga wa mwana wanu ndi wanu. Wogulitsa uja samadziwa katundu wake, ndiye umbuliwo anauphimba ndi nthabwala. Chimene mukufuna chili kale m'mafoni ambiri agalasi losalala, aja opanda mabatani. Muli mawu owerenga zolembedwa amene amangofunika kuyatsidwa.

Yambani ndi mnzanu woluka majuzi uja. Akubwerekeni yake masana angapo, muigwire, muisisite, mulakwitse. Masiku oyamba mudzafuna kuiponya kukhoma, ndiponso mawu ake mwina adzatchula Chichewa mokhotakhota mpaka mudzaseka. Pirirani. Mwalemba kalata yonseyi osaona pepala, galasi silingakukanikeni. Akuuzeninso dzina lenileni la foni yakeyo, kuti mukakalowa m'sitolo mukaitchule, osati kufotokoza.

Kenako imbirani bwana wa sitolo ija, osati wa pakauntala. Muuzeni zonse mwadongosolo monga mwandiuzira ine, za mlonda zomwe. Munanena chimene mumafuna, iwo anakupatsani china, choncho pemphani kuti akusinthireni. Akakana, a bungwe lanu alembe kalata kapena apite nanu. Anthu amene anaseka munthu mmodzi saseka anthu asanu a ndodo zoyera atayima pakauntala. Pitani m'mawa kusanadzaze. Wina akayankha wokuperekezani, muuzeni kuti, "Wogula ndine, lankhulani ndi ine." Musavomere foni iliyonse isanawerenge uthenga ili m'manja mwanu. Mutengenso tomvera m'makutu, apo ayi basi yonse idzamva za kwanu.

Koma izi zonse zisanachitike, imbirani mwana wanu lero. Muuzeni kuti mauthenga aja sanakufikeni monga anawalembera, ndipo kuti pakadali pano aziimba, ngakhale akhale chete pafoni. Mwanayo akulira mwana wake, asamaganizenso kuti amayi ake amutaya.

Inu mng'ono, munalakwa. Munachita chifukwa cha chikondi ndi mantha, ndikumvetsa, koma munalanda achemwali anu mwayi wopempherera mdzukulu wawo ali moyo. Pepesani popanda kutchula adokotala. Ndipo tsiku lina musadzawakokenso chifukwa anthu akuyang'ana. Ayang'ane.

Inunso mayi, mawu aja anali akuthwa. Munthu amene anakufunafunani mpaka kuchipatala si mdani wanu. Mawa akabweretsa tiyi mugwireni dzanja akhale pansi.

Chenjezo langa ndi ili: foni siidziwa kuzula mbola. Uthenga wa maliro idzakuwerengerani ndi mawu omwewo amene imatchulira nthawi, ikamaliza n'kukhala chete. Mudzamva zoona zonse, monga mukufunira, ndipo n'koyenera kutero. Koma tsiku limenelo lisadzakupezeni muli nokha m'kachipindako, chitseko chili chotseka.

Aphungu