Mwaperekeza Pokwana, aNachisale

Ndunde,
Chiradzulu.
27 Okutobala 2024.

Okondedwa achimwene a Benedicto,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo ndithu, kungoti dzuwa likuswa mtengo. Mizere tamaliza, tikungoyang'ana kumwamba.

Musaseke kuti ndakulemberani papepala ngati kale pamene foni ilipo. Mukudziwa kuti mukangoimba amayi amadzakhala pambali panga makutu ali tcheru, ndipo zimene ndikufuna kukuuzanizi si za makutu awo. Ndapatsira a Twaha oyendetsa thiraki aja, muwapatseko tiyi akafika.

Zithunzi za ulendo wathu wa amayi a mpingo wokapemphera kunja, ku Medjugorje, munaziona, mpaka munandinena kuti jekete linandikhala ngati thumba la feteleza. Chimene sindinakuuzeni ndi cha tsiku lomwe ndinasiya anzanga n'kukwera basi ndekha kupita ku Kotor, tauni ya m'dziko loyandikana nalo, kwawo kwa Sisitere Vinka. Simungawaiwale, poti ndi iwo anakudulani mchombo, ndi iwonso anakukokani khutu mutaba mapeyala kwa masisitere. Zaka makumi anayi anazamba amayi pachipatala cha mishoni, amayi athu akuchapa nsalu za m'chipinda chomwecho, mpaka amayi anawagawira Sisitere mfunda wawo. Onse awiri anasanduka aNachisale, munthu ndi mchemwali wake.

Mukukumbukiranso mmene Sisitere anachokera. Atayamba kudwala, akuluakulu awo anati akapume kwawo miyezi itatu yokha, ndipo galimoto inawatenga osatsazika aliyense. Zaka zisanu ndi ziwiri zatha, koma amayi amangoti, "Munthu amene sanatsazike sanachoke." Malo aja Sisitere anadzisankhira pansi pa mbawa kumanda a mishoni amawalambulabe. Pamene ndinkanyamuka amayi anandipatsa chitenje, mtedza wokazinga ndi uthenga: "Ukawauze abwere, tidzakalambire limodzi."

Achimwene, ine wokulira m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu ndinkati mapiri ndimawadziwa. Kumeneko ndinatseka pakamwa. Mapiri amiyala yotuwa aima njo mbali zonse, ndipo nyanja yalowa pakati pawo n'kungogona phee ngati madzi a m'beseni. Tauni yonse ili m'kati mwa linga lamiyala limene anamanga makolo awo zaka mazanamazana zapitazo, ndipo lingalo lakwera phiri mokhotakhota mpaka pamwamba penipeni. Galimoto sizilowamo. Tinjira take n'topanikiza moti mayi wosenza nkhuni akhoza kukodwa. Amphaka ndiye osanena, onenepa, ogona pamakwerero a tchalitchi popanda wowathamangitsa. Kukanakhala kwathu kuno bwenzi anthu atayamba kale kulozana zala. Chombo chachitali kuposa tchalitchi chathu chinali chitangotsitsa alendo, aliyense foni m'mwamba. Malo ndi okongola, sindinama, koma ine mtima unali pa khomo limodzi lokha.

Anandilandira ndi Sisitere Jelka, mayi wachikulire wa Chingerezi chothyokathyoka. Tisanakwere m'mwamba anandichenjeza kuti mutu wa Sisitere Vinka unasokonekera. Akuti chilankhulo cha makolo awo amachimva, koma poyankha amalankhula zimene m'nyumba monsemo palibe amazimva. "Timangoti akupemphera," anatero.

Sisitere Vinka ndinawapeza atakhala pawindo loyang'anizana ndi khoma. Munthu uja tinkamuopa akamayenda m'khonde la chipatala watsala pang'ono, manja ngati timitengo. Ndinagwada pakhomo n'kunena kuti, "Odi, aNachisale."

Anatembenuka msangamsanga. "Lowani! Aa, a Esnart! Achemwali, mwachedwatu. Madzi aja mwatereka?"

Chinyanja chenicheni cha kwathu kuno, achimwene, chokoka ngati cha agogo a ku Likoswe. Mapemphero ankanena aja anali amenewa. Zaka zonsezi munthu wakhala akupempha madzi, akufunsa za odwala ake, anzake n'kumayankha kuti amen.

Ankandiyesa amayi athu, ndipo sindinawakonze. Ndinakhala amayi kwa tsiku limodzi. Anamanga chitenje pamwamba pa mkanjo wawo, namamung'unya mtedza poti mano anatha. Anafunsa ngati nandolo wabereka. Anafunsa za inu: "Kamnyamata kanu kakuba mapeyala kaja kakula?" Ndinati kakula, koma khalidwe silinasinthe kwenikweni, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandikokera pafupi n'kunong'ona kuti, "Chipatala chino anthu ake ndi abwino, koma sapatsana moni. Ndagonekedwa nthawi yaitali. Anditulutsa liti?" Pomwepo anafunsanso, "Pansi pa mbawa paja sipanamere thengo?"

"Ayi, ndimalambula," ndinatero.

Nditatuluka pang'ono ndinafunsa Sisitere Jelka ngati n'kotheka kuti abwerere ku Malawi. Anapukusa mutu. Adokotala anakaniratu, akuti mtima wawo sungapirire ndege, ndipo malo awo anakonzedwa kale kumanda a chipani chawo cha masisitere. Uthenga wa amayi uja sindinaunene.

Dzuwa litapendeka ndinati, "ANachisale, ndione msana wa njira." Iwo anadzuka n'kulanda chikwama changa. "Mlendo sachoka yekha ngati wakuba. Ndikuperekezeni." Sisitere Jelka anadabwa, akuti panali patatha zaka ziwiri asanatsike makwerero amenewo. Koma anatsika, ndodo kudzanja lina, chikwama changa kudzanja lina, Sisitere Jelka akutsatira pambuyo. Tinadutsa m'tinjira tija pang'onopang'ono, iwo akupereka moni kwa mzungu aliyense wokumana naye, "Mwaswera bwanji?" Ena ankamwetulira, ena ankawajambula.

Tinafika pachipata chachikulu cha linga, choyang'ana kunyanja. Ndinkayembekeza kuti aima pamenepo, monga aimira amayi pamtengo wa mango uja akamaperekeza alendo. Sanaime. Anandigwira mkono mwamphamvu n'kunena kuti, "Minibasi ya ku Limbe tikwerera pati? Tiyeni tifulumire, tikafike kusanade." Apa m'pamene ndinaona kuti pansonga ya chitenje anali atamangapo kolona ndi mswachi. Sankandiperekeza ayi, ankapita kwawo.

Sisitere Jelka anayesa kuwanyengerera m'chilankhulo chawo, koma anawakankha dzanja ngati munthu wachilendo. Kenako anandiyang'ana ine, maso akundipempha. Achimwene, ndinalibe china. Ndinanena mawu amene mlendo aliyense amanena kwathu kuno. Ndinagwira chikwama changa, n'kupinda maondo pang'ono.

"Mwaperekeza pokwana, aNachisale. Bwererani pano, kunyumba kwatsala kokha."

Anaima chilili. Dzina la mayi wawo wowabala anaiwala, koma mwambo wa ku Ndunde sanauiwale. Zala zinamasuka chimodzichimodzi, chikwama chinabwera kwa ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana nyanja, anayang'ananso linga lija, ndipo nkhope inasintha ngati munthu amene wadzidzimuka kutulo.

"Iwe ndiwe Anjelina," anatero.

"Ndine, Sisitere."

"Wakula." Anaomba m'manja pang'ono, mwaulemu. "Uyende bwino, mwanawe. Ulendo uja ndinachoka ngati mbuzi yoduka chingwe. Ukawauze amako kuti ndatsazika."

Anatembenuka okha n'kulowa pachipata. Ndinaona chitenje cha amayi chikusowa pakati pa alendo aja. Ndinakhala pansi m'mbali mwa nyanjamo n'kulira mokweza ngati pamaliro, osasamala kuti andiona ndani. Mphaka wina anabwera kudzakhala pa phazi langa. Mpaka lero mtima umandipweteka kuti munthu anapempha kupita kwawo, ndipo amene anamubweza pakhomo ndine, ndi mawu a kwathu omwe.

Nditafika kuno amayi anandichingamira kumsewu. Chikwama ndisanatule anafunsa, "Mwawapeza?" Ndinati ndawapeza, chitenje avala, mtedza adya, apereka moni. Zonsezo n'zoona. "Nanga abwera liti?" Ndinati akudikira mawu a adokotala. Kuyambira tsiku limenelo amayi asanduka mtsikana. Azira chipinda chanu chija, apatula nandolo wabwino, ndipo auza amayi onse a mumphakati kuti aNachisale ali m'njira. BP yomwe ija yatsika, ndayeza ndekha.

Ndiye ndithandizeni nzeru, inu ndinu wamkulu. Uthenga wa munthu ndi katundu wa eni, sausunga m'nyumba, ndikudziwa. Koma ndikati nditsegule pakamwa ndimawapeza akuimba nyimbo ya kwaya akusesa pabwalo, ndipo mawu amabwerera m'mimba. Ndikuopanso kuti tsiku lina abambo mfumu adzalengeza za maliro m'tchalitchi amayi asanamve kutsazika kwa mchemwali wawo. Chonde bwerani pa Khirisimasi tidzawauze tili awiri. Musandiyankhe za ntchito, chaka chatha munanena zomwezo.

Loweruka likudzali ndi tsiku lokumbukira akufa, ndipo tonse tikalambula kumanda. Amayi khasu lawo anola kale dzulo. Ndikawaperekeza, ndikagwira nawo ntchito pansi pa mbawa paja.

Mupereke moni kwa alamu, ndi kwa Albert muti azakhali ake amva zoti wakhoza mayeso. Amalume akupereka moni, mwendo uja ukupola. Amayi akuti moni wambiri. Atandiona ndikulemba anati ndikuuzeni kuti pobwera mudzagule bulangete lochindikala la ku Joni, chifukwa Sisitere sachedwa kumva kuzizira mwezi wa Juni. Ndinawalonjeza kuti ndilemba, ndipo ndalemba.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Anjelina.