Jekete la a Kalekeni

Chisemphere, Kasungu
Novembala 2008

Wokondedwa mlongo wanga Sellah,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ku Joniko. Miyendo ija inasiya kutupa? Kuno tilipo. Mvula sinagwe, nazale za fodya tikuthirira ndi madzi a kudambo, ndipo amayi akudya bwino ngakhale maso akunka nafooka.

Nkhani ndi ya mwana wako Lemani. Unakondwa utamva kuti anthu a kanema a ku Lilongwe amusankha kuti asewere ngati malume ake, achimwene athu a Kalekeni, poti zithunzi za matenanti zija ankapenta achimwenewo zatchuka mpaka kunja. Inenso ndinakondwa. Ndinkati dzina la munthu amene anayambira kupenta makoma a magolosale lidzuke.

Koma mwanayu akutha, Sellah. Akutha mopitirira muyeso.

Burashi akugwira ndi dzanja lamanzere, iye chibadwire amadyera lamanja. Asanaviike mu penti amayamba wanyambita nsonga yake, monga ankachitira achimwene. Palibe anamuuza zimenezi. Paja anali akukwawa pamene iwo ankasowa. Mkulu wa filimuyo, a Geoffrey, amangowomba m'manja, akuti sanaonepo wosewera wotere.

Alamu athu a Feggie anamupatsa jekete lija la madontho a penti, limene linapezeka litakoledwa pa waya wa paki ya nyama achimwene atasowa. Ukumbuka tinagwirizana kuti likwiriridwe pamodzi ndi thunthu la nthochi limene tinaika m'manda m'malo mwa thupi. Kani mkazi wamasiyeyo analisunga. Chivalireni Lemani sakulivula, ndi dzuwa lonseli.

Sabata yatha a kanema aja ankajambula pamsika, tsiku logula feteleza wa makuponi. Lemani anatulukira kuseri kwa depoti akukoka mwendo ngati achimwene, chipewa chili pamphumi. Amayi ena achikulire, amene analawirira pamzere, anasiya malo awo n'kuthawa. A Amosi, tenanti wakale wa ku Mulanje uja, anavula chisoti n'kumufunsa kumene anali zaka zonsezi. Lemani sanaseke. Anawayankha kuti kumene anali kulibe mizere.

Pakhomo napo pasintha. A Feggie akumugwadira popereka madzi. Amayi akamva kutsokomola kwake amaitana kuti Kale, iye n'kuvomera. Dzana anandiitana ine kuti Redi, dzina limene linapita ndi achimwene, n'kundifunsa ngati ndimaopabe ng'ombe za pa esiteti. Ndinaseka kuti ana asazindikire kuti ndaopa.

Ndinamutengera m'chigafa, momwe tinkasokera fodya tili ana, n'kumukumbutsa kuti ili ndi sewero chabe, kuti ali ndi mkazi ndi khanda ku Boma. Anandiyang'anitsitsa, kenako anati tonse tinalakwitsa poganiza kuti achimwene anasokonezeka mutu. Akuti sankathawa kanthu. Pali chimene anaona kuseri kwa waya, ndipo ankapita kukachijambula.

Chatsala n'chigawo chomaliza, kumapeto kwa mwezi uno, pa waya pomwe paja. Akufuna Lemani adzalowe m'thengo, kamera ili kumbuyo kwake, mpaka a Geoffrey adzakuwe kuti basi. Ndinawapempha achisiye chigawochi. Anandiseka mwaulemu, amvekere padzakhala alonda a paki, njovu singamuyandikire.

Sanandimvetse. Ine sindikuopa njovu. Ndikuopa kuti adzaitana Lemani, pamene woyendayo dzina limenelo sakulidziwanso.

Bwera, mlongo wanga. Usadalire foni, pafoni amayankha bwinobwino. Ine ndi malume ake, koma mawu anga aphwa. Udzaime pa wayapo, udzamuitane ndi kadzina kaja unkamutonthoza nako ali kumsana. Mwina kameneko kadakali kake.

Kalatayi ndapatsira Paul wa basi kuti ifike msanga. Undiperekere moni kwa alamu ndi mwana wako Tawina. Mulungu akutsogolere panjira.

Amayi akupereka moni. Akuti ufulumire, udzawaone achimwene ako, abwerako.

Ndine mlongo wako,
Redson