Mchombo wa Bilyana

Lachiwiri, 7 Okutobala

Tabwera naye kunyumba! Bilyana wanga. Tsitsi lakuda bii, zala zazitali, mawu ngati a munthu wamkulu. Chikepe chafanso, ndiye mwamuna wanga Yavor wakwera naye masitepe mpaka nsanjika yachisanu, akuyenda ngati wanyamula mazira. Bambo watsopano, thukuta kamukamu. Kabedi ka mwana takapanikiza pakati pa firiji ndi mpando. Kuti nditsegule kabati ndiyambe ndasuntha mwana. Sindikudandaula. Ndikungomununkhiza pamutu.

Lamlungu, 12 Okutobala

Apongozi afika ndi banitsa yotentha, chitumbuwa chathu cha tchizi, ndi malamulo. Ulusi wofiira padzanja la mwana. Ine ndi iye osatuluka mpaka masiku makumi anayi akwane. Zovala zake zili mbwee, zina pachitseko, zina pa TV. Tulo ndaiwala kuti n'chiyani. Koma lero wagwira chala changa osachisiya! Ndinakuwa mpaka aneba apansi anagogoda paipi.

Lachinayi, 16 Okutobala

Mchombo wagwa! Ndaumanga m'kansalu koyera. Nkhondo yayambika, paja komwe uutaye ndi komwe moyo wa mwana udzalowere. Apongozi akuti kusukulu ya udokotala, konkuno ku Plovdiv. Yavor akuti kubwalo la mpira. Ndinamuuza, "Iwe khala chete, wako anautaya m'bala ya mowa." Mayi ake sanaseke.

Ine ndagamula kale: Munich, kunja kwa dziko lino. Plamen, msuweni wa Yavor, amayendetsa lole, akunyamuka Lolemba, akautaya kumeneko. Mwana wanga adzaone dziko, adzakhale m'nyumba yoti munthu n'kusochera. Mtima ukungoti phaphapha.

Loweruka, 18 Okutobala

Abambo anga abwera, bondo lawo lopweteka lomwelo, kupuma pansanjika iliyonse. Anamunyamula mdzukulu wawo. Kenako anaimbira mkulu wanga Ralitsa ku Toronto kuti amuone pafoni. Ana a Ralitsa anawapatsa moni m'Chingelezi, iwo n'kumangogwedeza mutu. Potsanzika anapsompsona galasi la foni, n'kulipukuta ndi malaya.

Ndinawauza za Munich, ndili mtima m'mwamba. Anaseka. "Wa Ralitsa mayi ako anakautaya kubwalo la ndege. Zinagwira ntchito, mwana wanga. Zinagwira mopitirira." Ndinafunsa za wanga. "Wako? Unasowera m'nyumba momwemo. Tinasesa ponseponse, osaupeza."

Pamaliro a amayi athu, Ralitsa anafika titaika kale. Ndinali nditaiwala. Ayi, ndinkangozemba kukumbukira.

Lamlungu, 19 Okutobala

Bilyana wamwetulira. Apongozi akuti ndi mpweya wa m'mimba chabe. Atero iwo.

Lolemba, 20 Okutobala

Yavor watsika nako kansalu kaja m'mawa, monyadira, kukapatsa Plamen. Anakaika m'thumba la pachifuwa. "Dokotala wa ku Munich, konzeka!" anatero kwa mwana.

M'katimo muli mphesa youma.

Mchombo weniweniwo ndinatuluka nawo pakhonde atangopita, n'kuuponya pansi, paudzu pomwe ana a m'nyumba muno amasewera. Sindinaone pomwe wagwera. Ndikuseka ndekha ngati wamisala.

Ndamumana mwayi mwana wanga? Mwina. Ndikuchita mantha, ndikusangalalanso, zonse pamodzi. Akadzakula n'kufuna kupita, apite, chikwama ndidzamulongedzera ndine. Koma kuti ndiyambe ndine kumukankha, asanathe n'komwe kudzutsa mutu, ayi.

Yavor ndimuuza. Osati lero. Mwana wadzuka, akundifuna